Sikelo imayeza thupi, nanga masewera alemba ndani?

M'mamawa ku Senga Bay, asodzi akangokocheza ndi usipa, amayi amathamangira ku thandala. Mwana amene anali kumbuyo amatsitsidwa n'kukhazikidwa pa chitenje pamthunzi. Posakhalitsa wakwawira pamchenga, watola chigoba cha nkhono, wachilawa, wachimenyetsa pa beseni, wamva kulira kwake, wabwerezanso. Mayi akacheuka amangokuwa kuti "Taya!" Chigoba chauluka, nkhani yathera pomwepo.

Komatu pakanthawi kameneko khandalo laonetsa zambiri. Zala zake zayamba kutola tinthu ting'onoting'ono, makutu akumva bwino, ndipo lazindikira kuti dzanja lake ndi limene likuliza beseni. Zonsezi palibe wazilemba.

Mayi aliyense m'boma la Salima amasunga kabuku ka kusikelo ngati ndalama. Kaya ndi ku Lifuwu, ku Chipoka kapena kwa Maganga, mwana amapachikidwa pasikelo, alangizi a zaumoyo n'kulemba kulemera kwake, katemera ndi vitamini A. Ntchito imeneyi yapulumutsa ana ambiri. Koma za tsiku limene mwana anayamba kutsata mawu a mayi ake ndi maso, kukhala yekha, kapena kuloza bwato ndi chala, nthawi zambiri zimasungidwa m'mutu mwa agogo, ndipo mutu umaiwala.

Boma linakhazikitsa ndondomeko ya mmera mpoyamba mu 2003 n'kuikonzanso mu 2017. Pansi pa ndondomekoyi pali sukulu za mkombaphala za m'midzi, zomwe alezi ake ambiri ndi ongodzipereka. Kumeneko kumachuluka ana a zaka zitatu mpaka zisanu; makanda amatsala kumsana, kumunda wa mpunga kapena padoko. Ndiye wolemba za khanda akhoza kukhala mlezi, mayi, bambo, ngakhale mchemwali wake wa ku pulayimale.

Kulemba kwake sikufuna digiri, koma kuli ndi mwambo wake. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Umakhala pansi mphindi zisanu osamusokoneza mwana, kenako ulemba m'kope tsiku, msinkhu wake ndi chimene waona ndi maso. Mawu ngati "ndi waulesi", "ndi wamakani" kapena "ndi wochenjera ngati atate ake" ndi chigamulo, ndipo sathandiza aliyense. Taonani kusiyana kwake ndi izi: "Miyezi 9. Ndinabisa supuni pansi pa nsalu, iye anavundukula n'kuitenga. Nditamuitana ndili kumbuyo kwake, anatembenuka." Mzere umodzi wotere, pakatha miyezi itatu, uli ndi china choufanizira. Ukadzalemba kuti "ndamuitana katatu, sanacheuke", ndipo mwanayo wangochira kumene malungo aakulu, uli ndi umboni wopita nawo kuchipatala. M'mbali mwa nyanja malungo sasowa, ndipo akafika ku ubongo amatha kusiya mwana ali ndi vuto la kumva, kuyankhula kapena kuyenda. Vuto lotere likaoneka msanga, thandizo limayambanso msanga.

Kopelo limatonthozanso mitima. Kafukufuku wa bungwe la WHO wa mu 2006 anapeza kuti ana athanzi amayamba kukhala okha pakati pa miyezi 4 ndi 9, ndipo amayamba kuyenda pakati pa miyezi 8 ndi 18. Mpata umenewu ndi waukulu zedi. Mayi amene akusowa tulo poti mwana wa mnzake wayenda kale, kapenanso wayamba kukayikira anthu a pamudzi, akhoza kuona m'kope kuti wake mwezi watha ankakwawa, lero akuimirira atagwira mtondo.

Chosangalatsa n'chakuti muyeso wodalirika wa kakulidwe ka ana unapangidwira konkuno. Dokotala wa ana Melissa Gladstone ndi anzake, mogwirizana ndi College of Medicine ku Blantyre, anaona kuti miyeso ya ku Ulaya ndi ku America imafunsa za zidole zimene mwana wakumudzi sanazionepo. Mu 2010 anatulutsa Malawi Developmental Assessment Tool, MDAT mwachidule, yokhala ndi mfundo 136 m'magawo anayi: kayendetsedwe ka thupi, ntchito za zala, chiyankhulo ndi kukhala ndi anthu. Lero ikugwiritsidwa ntchito ngakhale m'maiko ena. Magawo anayiwo mlezi wa ku Ngodzi akhoza kuwajambula ndi rula m'kope wamba, zoseweretsa zake n'kukhala zitsononkho, zitini ndi mpira wachikulunga.

Zovuta zilipo. Mlezi m'modzi amakhala ndi chigulu cha ana, phala likupsa pamoto, ndipo ena kulemba kumawavuta. Akhoza kusankha ana awiri patsiku; amene cholembera chimamukana, auze mnzake amulembere. Chimodzi chokha chisaiwalike: zolembedwazo ndi za makolo a mwanayo, si zokakambira pachitsime.

Inu a komiti ya mkombaphala, posonkha chimanga cha phala chaka chino, sonkhaninso ya kope ndi pensulo.