Kwathu ku Mulanje timu ya basketball timachita kusiyirana

Ku Mulanje ukatchula mpira, anthu amamva Maule kapena Manoma basi. Koma pali kagulu kena, kochepa ndithu, komwe mtima umakhala m'mwamba matimu a basketball a m'makoleji akayamba kuswana. Banja lathu lili m'kagulu kameneka.

Mpikisano womwe unatikoka kwambiri ndi wa Mo626, umene National Bank of Malawi inakhazikitsa mogwirizana ndi bungwe la Basketball Association of Malawi (Basmal). Apa ndi pomwe mumamva mayina ngati Wildcats, Hawks ya ku Zomba, Buffaloes ya ku Bunda ndi Wolves ya ku MAGU ku Lilongwe.

Kwathu timu ndi Wildcats. Chifukwa chake? Amalume. Paja kuno mwinimbumba akalankhula, ana a mlongo wake timamvera. Iwo anaphunzira ku Poly, yomwe kuyambira 2021 ikutchedwa MUBAS, koma dzina latsopanoli silinawalowebe m'kamwa. "MUBAS ndi yanu ana inu, ine ndimadziwa Poly," amatero.

Ndi iwo amene anatiphunzitsa kuti kuponyera mkati mwa mzere wokhota ndi mapointi awiri, kunja kwake atatu, ndipo masewero amagawidwa panayi, mphindi 10 chigawo chilichonse. Koma nzeru yawo inali pena. Akamaliza kufotokoza ankawonjezera kuti: "Jezi imeneyi sagula pamsika wa Limbuli. Umayamba wakhoza MSCE."

Mawuwa anagwira ntchito, kungoti achemwali anga anasankhidwira ku Chanco, n'kubwerako ali a Hawks. Lero matimu awiriwa akakumana, gulu la WhatsApp la banja lathu limatentha. Amayi, omwe malamulo sawatsata, amangofunsa kuti: "Wolira ndani lero, mchimwene wanga kapena mwana wanga?"

Ku America zoterezi ndi mwambo. Mwezi wa March, matimu a mayunivesite amachotsana mu mpikisano wa March Madness, ndipo agogo, makolo ndi zidzukulu amavala mtundu umodzi chifukwa cha koleji yomwe wina m'banjamo anaphunzirako. Ife tikungoyamba kumene, ndipo njira ndi yaminga.

Choyamba, kutsatira masewero uli ku Chitakale kapena ku Muloza ndi chintchito. Ambiri amachitikira m'mizinda, monga pa Blantyre Youth Centre kapena pa ABC Blue Gym ku Lilongwe. Ife timadalira mnzathu amene ali pabwalo kuti azitumiza zigoli, kapena kudikira tsamba la Facebook. Bando ikatha chigawo chachinayi chili mkati, umagona osadziwa kuti zatha bwanji.

Chachiwiri ndi mabwalo. Mpira wa miyendo umangofuna malo ndi miyala iwiri. Basketball imafuna simenti yosalala ndi zitsulo ziwiri zokhala ndi mikombero. N'chifukwa chake mwana wamtali wa ku Likhubula amathera pagolo, pamene mwina akanafika patali. Bravehearts ya ku Lilongwe yasewerapo m'mipikisano ya Road to BAL, yolowera mu Basketball Africa League yomwe inayamba mu 2021 ku Kigali. Khomo lilipo, koma ana akumudzi sakuliona.

Chonsecho makoleji tili nawo pafupi: MUST ili ku Ndata ku Thyolo, Catholic University ili ku Nguludi ku Chiradzulu. Atabweretsa masewero opimana mphamvu pa boma la Mulanje Loweruka limodzi lokha, ana angati angayambe kulota za yunivesite?

Okonza mipikisano, tionetsereni masewerowa pa Facebook, foni imodzi ndi yokwanira kuyambira. Nafe ana a ku Mulanje amene tinadutsa m'makoleji, mutu umodzi susenza denga: tisonkherane matumba a simenti, sukulu yomwe inatilera ikhale ndi bwalo. Si mwana aliyense ali ndi malume wa ku Poly, koma aliyense akuyenera kukhala ndi timu yomukokera ku sukulu.