Foni ya aphunzitsi ndi tabuleti ya mwana

Chithetsereni fizi ku pulayimale mu 1994, aphunzitsi a Sitandade 1 akhala akulimbana ndi funso limodzi: munthu mmodzi angaphunzitse bwanji kuwerenga ana amene nthawi zina amaposa 100, onse atakhala pansi m'kalasi imodzi? Luso lamakono labweretsa mayankho awiri amene anthu amakonda kuwatchula pamodzi ngati chinthu chimodzi. Loyamba ndi zophunzitsira zimene mphunzitsi amakatapa yekha pa intaneti ndi foni yake. Lachiwiri ndi matabuleti oikidwa m'manja mwa anawo.

Pa intaneti zinthu zilipo zambiri, ndipo zina nzabwino zedi. African Storybook, yomwe bungwe la Saide la ku South Africa linaikhazikitsa mu 2014, ili ndi timabuku ta nthano ta zithunzi m'zilankhulo zambiri za mu Africa, Chichewa chomwe, ndipo aliyense ali ndi ufulu wotikopera, kutisindikiza kapena kutimasulira osalipira. Khan Academy nayo ili ndi masamu ofotokozedwa bwino, koma m'Chingerezi. Chokoma pa njira imeneyi nchakuti wosankha ndi mphunzitsi. Iye ndi amene akudziwa kuti sabata ino ana ake akupunthwa pa maphatikizo a "mba" ndi "nda", ndiye amafunafuna nthano yodzala ndi mawu oterowo.

Koma onani ntchito imene ili pakati pa foniyo ndi mwana. Bandulo mphunzitsi agula ndi ndalama ya m'thumba mwake. Netiweki kumudzi amachita kuisaka pachulu kapena pamsika. Nthano ikapezeka, kafoni kamodzi sikangaonetsedwe kwa kalasi yonse, choncho usiku ayala tchati pamkeka ndi kukopera chiganizo ndi chiganizo ndi pentopeni, zilembo zikuluzikulu kuti wokhala kumbuyo aone. Zambiri za pa intanetizi anazikonzera sukulu zimene zili ndi makina osindikizira, komwe mwana aliyense amalandira pepala lake. Kuno mphunzitsi ayenera kuzisandutsa TALULAR, zophunzitsira zopangidwa ndi zinthu zopezeka m'deralo: m'malo mwa timakhadi towerengera, zitsekerero za mabotolo ndi timitengo. Ayeneranso kuona ngati zikugwirizana ndi silabasi yochokera ku Malawi Institute of Education ku Domasi. Aphunzitsi amene amachita zonsezi alipo, ndipo ndimawavulira chipewa, koma sitingamange maphunziro a dziko lonse pa kudzipereka kwa anthu ochepa.

Tabuleti inayankha funsolo mwa njira ina. Pulogalamu ya bungwe la onebillion la ku Britain inayesedwa pa sukulu ya Biwi ku Lilongwe mu 2013, ndipo kafukufuku wa Nicola Pitchford wa ku University of Nottingham anaonetsa kuti ana oigwiritsa ntchito anachita bwino pa masamu kuposa anzawo. Mu 2019 bungweli linali limodzi mwa awiri amene anapambana mpikisano wa Global Learning XPRIZE. Mu 2023 boma linayamba ndondomeko ya BEFIT m'sukulu 500, ndi cholinga chofikira ana a Sitandade 1 mpaka 4 m'dziko lonse. Matabuletiwa safuna intaneti, maphunziro onse ali momwemo, ndipo amatchajidwa ndi mphamvu ya dzuwa.

Mwana avala mahedifoni, amva mawu a Chichewa akumuuza kuti alondole chilembo ndi chala. Akalakwa abwereza, palibe womuseka, palibe womufulumiza. Kwa mwana wamanyazi uja amene amangoyendetsa milomo anzake akamayankha mokuwa pamodzi, ichi nchachikulu, chifukwa ndi nthawi yokhayo pa tsiku imene phunziro limamudikira iyeyo. Apa tabuleti yaiposa foni ya aphunzitsi kutalitali.

Komabe nthawi ikatha tabuleti ibwerera kukatsekeredwa, ana ena akudikira. Zam'kati mwake mphunzitsi sangazisinthe, ndipo nkhawa yanga ndi yakuti akapanda kuphunzitsidwa bwino angangosanduka wogawa ndi wotolera zipangizo. Mabatire amatha, magalasi amasweka, ndipo ndalama zokonzera zidzafunika chaka ndi chaka. Mwana akafika Sitandade 5, pomwe maphunziro amayamba kuperekedwa m'Chingerezi, amatsalanso ndi choko, bolodi ndi zimene zili m'mutu mwa aphunzitsi ake.

Nchifukwa chake ndingakonde kuti ndalama zikamapita ku matabuleti, kagawo kena kazipita ku ma TDC, malo osulirako aphunzitsi m'zoni iliyonse. Patakhala intaneti, makina osindikizira ndi mapepala pa TDC iliyonse, aphunzitsi a m'zoni akhoza kukumana ndi PEA, mlangizi wawo wa zamaphunziro, kusankha limodzi nthano zogwirizana ndi silabasi, ndi kubwerera kusukulu zawo atanyamula timabuku tokwanira kugawira ana.