Lusaka yomwe sioneka pawindo la galimoto ya mishoni

Abale ambiri kwathu akamva kuti ndili ku Zambia amandifunsa za mu Lusaka: lendi ndi ndalama zingati, ntchito ikupezeka kodi, mwana wanga atabwera angafikire kuti. Komatu ine ndimakhala kutali ndi mzinda, pa mishoni ina m'mbali mwa msewu wa Great East, kumene ndimagwira ntchito ndi amishonale. Pa mishoni munthu umakhala mumthunzi. Madzi ndi a pamjigo wathu, magetsi akathima pali sola, chilolezo chogwirira ntchito anandiyendera ndi akuluakulu a mpingo. Tikapita m'tauni pa galimoto ya mishoni timaima ku Manda Hill kugula zosowa, n'kudzera ku ofesi ya mpingo, basi tatembenuka. Zimene ndikufotokozereni pano ndazidziwa pa maulendo a Loweruka ndi Lamlungu, pamene ndimatsanzika kwa amishonale, n'kukwera basi ngati wina aliyense kukagona kwa azakhali anga ku Kalikiliki.

Choyamba kulowa m'chikwama ndi pasipoti. Chinyanja cha mu Lusaka chimatinamiza ife Amalawi, timayesa tili kwathu, koma boma limayang'ana mapepala. Mzambia akakwana zaka 16 amatenga chitupa chobiriwira cha NRC, ndipo ndicho amaonetsa polembetsa nambala ya foni, potsegula akaunti kubanki ndi polowa ntchito. Mmalawi safuna viza podutsa pa Mwami, chipata chimene chinaphatikizidwa ndi cha Mchinji mu Disembala 2022, koma masiku amene amakudindira ndi a mlendo wodzacheza, ndipo sapitirira 90 pa chaka. Ntchito, ngakhale ya mpingo, imafuna chilolezo chakechake cha a Immigration. Pa mlatho wa Luangwa ndi malo ena a msewuwu pali malodibuloko. Ndimamva chisoni ndi anyamata athu amene masiku awo anatha kalekale, akuumba mabuloko ndi kulondera nyumba za anthu mwamantha, osatha kukadandaula kulikonse bwana akawamana malipiro.

Basi imakutsitsa pa Intercity, ndipo usanapondetse phazi pansi anyamata oitanira, amene kuno amati angwangwazi, agwira kale chikwama. Kana mwaulemu, gwira katundu wako. Maminibasi a m'makomboni amanyamukira ku Kulima Tower, City Market, Millennium ndi Lumumba, ndipo njira zake zili ngati masipoko a njinga: zonse zimakumana pakati pa tauni. Wochoka ku Kalikiliki kupita ku Matero kapena ku Chawama amayenera kuyamba walowa m'tauni, n'kulipiranso basi yachiwiri. Wolandira ndalama zochepa, gawo lalikulu la malipiro ake limathera pamenepo, n'chifukwa chake m'mawa mumaona mizere ya anthu oyenda pansi. Pa ndalama, kumbukirani kuti mu Januwale 2013 dziko lino linachotsa maziro atatu pa kwacha, koma ambiri akuwerengabe mwakale, moti kondakitala akati faifi pini akunena K5. Malonda ambiri amayenda pa foni, ndipo timisasa ta Airtel ndi MTN tili pa mphambano iliyonse.

Popita kwa azakhali timadutsa Kalingalinga, kumene m'mbali mwa msewu wa Alick Nkhata mwadzaza zitseko, mageti ndi mafelemu a mawindo a anthu owotcherera, kenako Mtendere. Kalikiliki yagundizana ndi Mtendere, ndipo kuponya mwala pang'ono ndi kumayadi, ku Kabulonga ndi Ibex Hill. Amayi ambiri a kuno amalawirira kukachapa ndi kulera ana kuseri kwa mipanda imeneyo, abambo n'kukasamala kapinga ndi kulondera.

Kuti mumvetse komboni, bwererani ku 1935, pamene likulu linasamuka ku Livingstone kubwera ku Lusaka. Atsamunda anaupima mzindawu moganizira azungu ndi antchito ochepa okhala ndi ziphaso. Ena onse anakamanga pa mafamu ndi pa malo a makontalakita, n'chifukwa chake makomboni ena mpaka lero akutchedwa maina a eni malowo, monga George, John Laing ndi John Howard. Ufulu utabwera mu 1964 anthu anakhamukira mumzinda. Boma la Kenneth Kaunda, litaona kuti kugwetsa nyumba sikuthandiza, linakhazikitsa lamulo la 1974 lolola kuti makomboni avomerezedwe, ndipo womanga m'malo ovomerezekawo amapatsidwa ndi khonsolo chikalata chomulola kukhalapo zaka 30. Chikalatacho n'cha kukhala pamalopo, dothi si lake. Lero, mwa anthu oposa 2 miliyoni amene kalembera wa 2022 anapeza mumzindawu, pafupifupi 7 mwa 10 alionse amakhala m'makomboni.

Apa ndi pamene ndimachenjeza kwambiri a kwathu. Tinazolowera kuti malo amapereka ndi anyakwawa, pamaso pa mboni za m'mudzi. Mu komboni mulibe mfumu yotero. Kwa zaka zambiri malo ankagawa ndi matcheyamani a zipani, ndipo puloti imodzi inkatha kugulitsidwa kwa anthu awiri. Ku Kalikiliki nyumba zina zinamangidwa m'chidikha cha damu lakale, moti mvula ikalimba madzi amalowa mpaka kuchipinda. Mlendo asathamangire kugula. Achite lendi, afunse anansi za nyengo ya dzinja, ndipo aone kumene madzi amathamangira.

Pa mishoni sindiwerenga zigubu, koma kwa azakhali chigubu chilichonse cha malita 20 n'chogula pa kiyosiki, ndipo chikakhala chochapira chimagwiranso ntchito yokolopera. Osowa ndalama amatunga pa zitsime zosaya, zoyandikana ndi zimbudzi zokumba. Ku Kanyama n'koopsa koposa, chifukwa pansi pake ndi thanthwe la laimu long'ambikang'ambika, ndipo zonyansa zimadutsa m'ming'alumo kukafika m'madzi akumwa. Kolera ya 2017 mpaka 2018 inafika poti asilikali anachotsa ogulitsa m'misewu ya m'tauni. Ya 2023 mpaka 2024 inapha anthu oposa 700 m'dziko lonse, bwalo la National Heroes linasanduka chipatala, ndipo sukulu zinatsegulidwa mochedwa, mu Febuluwale. Botolo la kolorini m'nyumba ya azakhali silisowa, ndipo mlendo amauzidwa za ilo asanapatsidwe mpando.

Magetsi a ZESCO ndi a mayunitsi, monga a ESCOM, ndipo mabanja angapo a lendi nthawi zambiri amadalira mita imodzi, n'kumasonkherana. Pa magetsi dziko lino limadalira kwambiri madzi a ku Kariba ndi Kafue, tsono chilala cha 2024 chitachepetsa madzi, makomo ambiri ankalandira magetsi maola atatu okha pa tsiku. Ometa, owotcherera ndi ogulitsa nkhuku za mufiriji anagwa nazo, ndipo makala, amene kuno amati malasha, anakwera mtengo. Ufa nawo suchokera kuchigayo monga kwathu. Umagulidwa m'matumba a makilogalamu 25, woyera wa bulekifasiti kapena wa rola wofanana ndi mgaiwa, ndipo thumba likakanika pali timapepala ta pamela, tokwana nsima ya tsiku limodzi, pa kantemba ka pafupi. Chimene chawapepukira makolo n'chakuti kuyambira mu 2022 sukulu za boma n'zaulere mpaka kusekondale, ngakhale makalasi adzaza zedi.

Lamlungu timapemphera ku Reformed Church in Zambia, mpingo wapachibale ndi Sinodi ya Nkhoma. Amishonale a Dutch Reformed anayamba ku Mvera mu 1889, n'kufika ku Magwero pafupi ndi Chipata mu 1899, choncho Buku Lopatulika ndi lomwelo, ndipo nyimbo zambiri ndimaimba osatsegula buku. Ine chimene ndimatchera khutu ndi zolengeza za kumapeto: wagonekedwa ku chipatala cha UTH ndani, maliro ali kwa yani, chigawo chiti chikaphike, chopereka chifike liti. Azakhali anandiuza mawu amene ndimawauzanso aliyense wobwera: "Mwanangu, ukafika m'tauni muno, kalata ya mpingo uipereke sabata yoyamba." Mmalawi akamwalira kuno, kunyamula thupi mtunda wa makilomita pafupifupi 600 kukafika ku Mchinji kumafuna mapepala a chipatala ndi a boma, bokosi, ndi galimoto yolipira. Mabanja ambiri sakwanitsa, ndipo amaika m'bale wawo ku Chingwere kapena ku Leopards Hill. Amene amagona pa siwa, kusonkha ufa ndi kunyamula bokosilo ndi akhristu a m'chigawo chimene dzina lake linalembedwa.