Mchira wa mbewu ya abambo: chifukwa chake timati mubwerenso pakatha miyezi itatu

Banja likatha chaka kapena kuposerapo popanda pathupi, amene amayamba kufika kuchipatala ndi mayi, kawirikawiri ali okha. Tikafunsa za bambo, amati, "Iwo ali bwinobwino, mphamvu ali nazo." Inu amene mumayendera mabanja m'midzi mwalimvapo yankho limeneli. Koma mphamvu za kuchipinda si umboni wa kubereka, ndipo pafupifupi theka la mabanja osabereka vuto limakhudzanso mwamuna.

Umuna umene umaoneka ndi maso ndi madzi onyamula chabe. Mbewu yeniyeni imaoneka pa maikulosikopu pokha, ili ngati mbululu. Mutandondozanitsa mbewu 20 zingangokwana milimita imodzi, ndipo pafupifupi utali wonsewo ndi mchira. Popanda mchira wogwira ntchito, mbewu singadutse khomo la chiberekero kukafika pa dzira.

Mbewu siyamba ndi mchira. M'machende imayamba ngati selo lobulungira, ndipo kuti ikhwime pamatenga masiku 64 mpaka 74. Mchira umamangidwa m'masabata omaliza. Kachinthu kotchedwa centriole kamapita mbali imodzi ya selo n'kukhala maziko. Pamazikowo pamamera timachubu: tiwiritiwiri m'magulu 9 mozungulira, ndi tina tiwiri pakati. Mchira umakulira kunsonga, choncho zomangira zonse zimachokera m'thupi la selo n'kunyamulidwa mpaka kumapeto, monga amisiri amapatsirana njerwa khoma likamakwera. Kanyamulidwe kameneka kakasokonezeka, mchira umatuluka waufupi, wopindika kapena wokulungana.

Chosangalatsa kwambiri kwa ine ndi timikono totchedwa dynein. Gulu lililonse la timachubu lili ndi timikono timeneti, timene timagwira gulu loyandikana nalo, kulikoka, kenako kulisiya. Mbali ina ikakoka, inzake imapumula, ndipo mchira umapindikira uku ndi uku, ngati wopalasa bwato akamasinthasintha nkhafi. Mphamvu zina zimachokera ku mitochondria, amene amakulungidwa pakhosi pa mbewu, pansi pa mutu. Zonsezi zikatha mbewu imakhala isanathe kusambira. Imakhwimira m'kanjira kopotanapotana kamene kali kumbuyo kwa tchende, kwa masiku ena osaposa kwenikweni masabata awiri.

M'zaka za m'ma 1970, Björn Afzelius wa ku Sweden anafufuza amuna amene mbewu zawo zinali zamoyo koma zosasuntha. Timikono tija panalibe. Amuna omwewo ankadwala chifuwa ndi chimfine chosatha, chifukwa titsitsi timene timasesa makhololo m'njira ya mpweya timamangidwa mofanana ndi mchira wa mbewu. Ena mtima wawo unali kumanja. Vutoli ndi lobadwa nalo ndipo silichitikachitika, koma mwamuna wosabereka amene wakhala akutsokomola kuyambira ali mwana aziuza dokotala zimenezi. Gondolosi sangabwezeretse timikono timene munthu anabadwa wopanda. Chimene chimathandiza ena ndi njira yobayira mbewu imodzi m'dzira, imene inabala ana oyamba ku Brussels mu 1992, ngakhale kuti mtengo wake si wa aliyense.

Chimene timakumana nacho kawirikawiri ndi kutentha. Machende amalendewera kunja kwa thupi chifukwa amafuna kuzizirirako ndi madigiri awiri kapena atatu. Malungo kapena matenda alionse otenthetsa thupi kwambiri angawononge mbewu zimene zikumangidwa nthawi imeneyo, ndipo zotsatira zake zimadzaoneka patapita masabata, munthu atachira kale n'kuiwala. Mitsempha yotupa ya m'thumba la machende, fodya ndi mowa wambiri nazonso zimafooketsa mbewu. Jakisoni wa testosterone, amene anyamata ena amabayitsa pofuna matupi akuluakulu, amatha kuimitsiratu kupangidwa kwake.

Ndiye chifukwa chake kuyeza kamodzi sikokwanira. Malinga ndi buku la World Health Organization la 2021, timayembekeza kuti mwa mbewu 100 zilizonse, zosachepera 42 zizisuntha, ndipo 30 zizipita kutsogolo. Zikachepera sitithamangira kunena kuti munthu ndi gojo. Timafunsa ngati anadwala posachedwa, n'kumupempha abwerenso pakatha miyezi itatu, gulu latsopano la mbewu litamangidwa.

Ngati ndinu volontiya, pemphani kuti bambo abwere limodzi ndi mayi pa ulendo woyamba womwewo, ndipo muwafotokozere pambali, osati pagulu. Asagonane kwa masiku awiri mpaka 7 asanakayezetse. Umuna uikidwe m'kabotolo ka kuchipatala, osati mu kondomu, pakuti kondomu wamba amatha kupha mbewu. Ufike ku labu ola limodzi lisanathe, kabotoloko kali m'thumba la malaya, pafupi ndi thupi.