Mwameta, nanga khungu mwalisamala bwanji?

Abale anga omvera ku Tsangano, ku Ntengo wa Mbalame, ku Furancungo, ku Chidzolomondo ndi inu a tsidya la malire ku Ntcheu, lero tikambirane za kumeta ndi lezala, madzi ndi sopo monga timachitira pakhomo. Ambiri timaganiza kuti tsitsi likagwa pansi ndiye kuti ntchito yatha. Koma lezala silichotsa tsitsi lokha. Limapalanso kachikopa kopyapyala ka pamwamba pa khungu n'kusiya timabala tating'ono tosaoneka ndi maso. N'chifukwa chake mumamva kuwawa sopo akakhudzapo. Kwa tsiku limodzi kapena awiri khungulo limakhala lotseguka, ndipo chomwe mwapakapo chimalowa mosavuta.

Mukangomaliza kumeta, tsukani thovu lonse ndi madzi oyera ozizira, a pamjigo kapena owiritsa omwe apola. Madzi a pachithaphwi kapena a padambo pomwe pamamwa ng'ombe ayi. Pukutani ndi kansalu kanu kochapa, mongokagunditsa pakhungu osakhula. Kenako pakani mafuta pang'ono, monga Vaseline wopanda fungo. Ife a kumapiri a Tsangano tikudziwa mmene chisanu cha Juni ndi Julaye chimatuwitsira khungu mpaka kung'aluka, ndiye mafutawa musawaiwale. Koma akhale ochepa, a kunsonga ya chala. Mukapaka ambiri amatseka timabowo totulukira tsitsi.

Ngati mwadzicheka, dinikizani pabalapo ndi kansalu koyera kwa mphindi zingapo, magazi asiya okha. Musathirepo phulusa, dothi, fodya, parafini, mafuta a buleki ya galimoto kapena mankhwala otsukira mano. Dothi ndi ndowe zimakhala ndi tizilombo ta kafumbata. Parafini ndi mafuta a buleki amaotcha khungu, bala laling'ono lija limasanduka chilonda. Anyamata anzanga amakonda sipiliti, akuti ikabaya ndiye kuti ikugwira ntchito. Kubayako si mankhwala. Sipiliti imaumitsa khungu lomwe lapalidwa kale, ndipo madzi ndi sopo ndi zokwanira.

Alimi a mbatata ya kachewere ku Tsangano ndi a fodya ku Macanga, imvani izi. Musamete m'mawa wa tsiku lopopera mankhwala m'munda, chifukwa khungu lochekeka limamwa mankhwala msanga kuposa khungu lathunthu. Metani madzulo mutasamba, kapena tsiku lopuma. Mutu wometa mpala uvale chipewa padzuwa, chipewa chanu osati chobwereka.

Tsopano nkhani yomwe abambo amafunsa kwambiri, tiziphuphu ta pachibwano ndi pakhosi totuluka patapita masiku awiri kapena atatu. Ena amati ndi magazi oipa, ena amati sopo sakuwayanja. Gwero lake ndi tsitsi lenilenilo. Tsitsi lathu ndi lopotana. Lezala likalidula pafupi kwambiri, nsonga yake imakhala yakuthwa ngati minga, ndipo likamamera limapindika n'kubaya khungu kapena kukulira m'kati. Thupi limaliona ngati chitsotso, pamatupa, pamayabwa, nthawi zina pamachita mafinya. Mukametanso pamwamba pa tiziphuphuto mumatidula mitu, vuto limakula ndipo pamatsala mawanga akuda.

Mankhwala ake oyamba ndi kuleka kumeta kwa milungu itatu kapena inayi kuti tsitsi litalike n'kudzisolola lokha. Ndikudziwa kuti ena kutchalitchi kapena kuntchito amafuna nkhope yosalala, koma mukhoza kumangodulira ndi sizasi. M'mawa ndi madzulo thowani ndi kansalu konyika m'madzi ofunda. Musafinye, musatokose ndi singano kapena minga. Mukadzayambanso kumeta, yambani mwafewetsa ndevu ndi madzi ofunda, pakani thovu lambiri, yendetsani lezala motsata komwe tsitsi lagonera, ndipo musakoke khungu ndi zala kuti liwongoke. Lezala lobuntha litayeni, limakukakamizani kubwereza pamalo amodzi. Malangizo omwewa ndi a amayi ometa m'khwapa ndi kumalo obisika. Onjezani apa kuti zonunkhiritsa zidikire mpaka mawa lake.

Tiziphuphu ta kunkhongo tolimba ngati nsawawa musatichedwere. Timatha kulumikizana n'kukhala chipsera chokhuthala chomwe sipameranso tsitsi. Lekani kumeta pamenepo ndipo kaonetseni kuchipatala tikadali tating'ono.

Kwa ana, vuto lalikulu ndi zipere. Mayi akameta ana atatu ndi lezala limodzi, chipere cha mmodzi chimafika kwa onse. Chipere cha m'mutu chimakhala m'mizu ya tsitsi, choncho mankhwala opaka okha sachitha. Kuchipatala amapereka mapiritsi monga griseofulvin oti mwana amwe kwa milungu 6 mpaka 8, ndipo amalize onse ngakhale m'mutu mutayera. Mafuta oyeretsa khungu a pamsika amangochiziziritsa masiku ochepa kenako chimafalikira. Khanda lisakhudzidwe ndi lezala, sizasi yoyera ndi yokwanira.

Agogo athu, mafumu ndi anamkungwi, ndilankhule nanu mwaulemu. Pa mwambo wa kumeta maliro atatha, kapena pa chinamwali, nthawi zambiri lumo limodzi limayenda mitu yambiri. Mwambowo upitirire, sitikuutsutsa. Chomwe mwambo umafuna ndi chakuti tsitsi lichoke, ndipo likhoza kuchoka aliyense ali ndi lezala lake. Kadontho ka magazi kosaoneka kotsalira palumo kakhoza kunyamula matenda a chiwindi otchedwa hepatitis B. Kachilombo kake kamakhalabe ndi mphamvu m'magazi ouma kwa masiku 7 kapena kuposerapo, ndipo kamapatsirana mosavuta kuposa HIV. Munthu amakhala nako zaka zambiri osadziwa, chiwindi chikuwonongeka. Katemera wa matendawa anayamba kuperekedwa kwa makanda kuno ku Mozambique mu 2001, kutanthauza kuti akuluakulu ambiri sanabayidwe. HIV nayonso ikhoza kudutsa ngati lumo lili ndi magazi aawisi. Kuviika lezala m'madzi kapena kulipukuta ndi sipiliti sikupereka chitetezo chokwanira. Pogula sopo ndi shuga wa pamaliro, onjezani paketi ya malezala.

Ngati mwachekedwa ndi lezala lomwe lacheka kale munthu wina, tsukani balalo ndi sopo ndipo pitani kuchipatala tsiku lomwelo. Mankhwala oteteza ku HIV amagwira ntchito akayambidwa maola 72 asanathe. Pitaninso msanga ngati pomwe mwameta pakutupa moyenderera, pakutentha, pakutuluka mafinya ambiri, mwachita mwanabere m'khosi kapena thupi latentha. Odwala shuga asadikire n'komwe, mabala awo amachedwa kupola. Okhala kutali ndi chipatala, yambani mwaonana ndi wazaumoyo wa m'mudzi mwanu kuti akuuzeni koyenera kupita.

Lezala lotha ntchito musalisomeke pa tsindwi kapena kuliponya kudzala, ana amalitola kukasongolera mapensulo ndi kuwengera zikhadabo. Likulungeni m'pepala ndi kuliponya m'chimbudzi chokumba.