Magalasi a VR ndi magemu a indie: mwana akasewera amatolapo chiyani?

Mu 2014 kampani ya Facebook idalipira madola a ku America pafupifupi 2 biliyoni pogula kampani yaing'ono ya Oculus, yomwe panthawiyo inali isanayambe n'komwe kugulitsa magalasi ake m'masitolo. Chaka chimodzi izi zisanachitike, munthu wina dzina lake Lucas Pope adatulutsa gemu ya pa kompyuta yotchedwa Papers, Please. Nkhani yake adalemba yekha, zithunzi adajambula yekha, nyimbo adapekanso yekha. Zinthu ziwirizi n'zosiyana ngati njovu ndi kalulu, koma lonjezo lake ndi limodzi: kukuchotsani pamene mwakhala n'kukuikani m'malo mwa munthu wina. Makolo ndi aphunzitsi tiyenera kudziwa pamene lonjezoli limakwaniritsidwa ndi pamene limalephera. Ana athu akuziona kale zinthuzi pa YouTube ndi TikTok, ndipo tsiku lina wamalonda adzafika pa sukulu n'kunena kuti chipangizo chake ndicho tsogolo la maphunziro.

Tiyambe ndi magalasiwo. Pa Chingerezi amati virtual reality, mwachidule VR, ndipo pa Chipwitikizi amati realidade virtual. Ndi chipangizo chimene munthu amavala kumaso, chophimba maso onse awiri. Mkati mwake diso lililonse limaona chithunzi chakechake, chosiyana pang'ono ndi chinzake, ndipo ubongo umaphatikiza ziwirizo kuti zinthu zioneke kuti zina zili pafupi, zina zili patali. Mukatembenuza mutu, chipangizocho chimadziwa, ndipo chimasintha chithunzi maulendo 72 kapena kuposerapo pa sekondi imodzi. N'chifukwa chake munthu wovala magalasiwa amatha kunjenjemera miyendo ataima pamwamba pa nyumba yosanja imene kulibe, ali chiimire pasimenti m'chipinda chake.

Ubwino wake waukulu uli pa ntchito zimene kuphunzira kwake n'koopsa kapena kodula. Woyendetsa ndege, dokotala wa opaleshoni kapena wogwira ntchito mumgodi angathe kuyeseza kambirimbiri, kulakwitsa n'kubwerezanso, popanda wovulala. Pamenepa palibe chotsutsa.

Koma amene amatamanda VR amanenanso chinthu china, chakuti imaphunzitsa chifundo. Mu 2015 bungwe la United Nations lidathandiza kukonza kanema wa VR wotchedwa Clouds Over Sidra. Amene adamukonza ndi Gabo Arora ndi Chris Milk. Woonera amapezeka ali mu msasa wa othawa nkhondo wa Za'atari, m'dziko la Jordan, ndipo amene akumuyendetsa ndi mtsikana wa ku Syria wa zaka 12. Ukacheuka uku ukuona ana m'kalasi, ukacheuka uko ukuona banja likudya m'tenti. Kanemayu adaonetsedwa kwa akuluakulu a chuma pa msonkhano wa ku Davos, ndipo adagwiritsidwa ntchito posonkhetsa ndalama zothandizira othawa kwawo. Ndi ntchito yabwino. Komabe kanemayu satha ngakhale mphindi 10, ndipo woonera safunsidwa kuchita kanthu. Amaona, mtima n'kuwawa, kenako amavula magalasi n'kupita kukadya. Anthu a ku Tete ndi ku Niassa amene adakhalapo m'misasa ya ku Malawi nthawi ya nkhondo angakuuzeni kuti chowawa cha kumsasa sichinali maonekedwe a malo. Chinali kudikira, kusadziwa tsiku lobwerera kwanu, ndi kusankha amene adye lero. Zimenezi maso okha sangazione.

Chikomekome cha nkhuyu, mkati muli nyerere. Nyerere yoyamba ndi nseru. Maso akamauza ubongo kuti thupi likuthamanga, pamene mkati mwa khutu, momwe mumathandiza munthu kuima osagwa, mukunena kuti thupi lili phee, anthu ambiri amachita chizungulire, ena mpaka kusanza. Vutoli si lachilendo. Mu 1995 kampani ya Nintendo idatulutsa Virtual Boy, chipangizo choonetsa zithunzi zofiira ndi zakuda zokha. Ogula adadandaula za mutu ndi maso, ndipo chaka chotsatira kampaniyo idasiya kuchipanga. Magalasi a masiku ano ndi abwino kwambiri kuposa amenewo, koma nseru sidathe.

Kenako pali mtengo. Magalasi a Quest 2 adatuluka mu 2020 pa madola 299. Apple Vision Pro idatuluka mu Febuluwale 2024 pa madola 3,499, ndalama zoposa 200,000 meticais. Batire la zipangizozi limatha pakangopita maola awiri kapena atatu, choncho pamafunika magetsi odalirika. Ngakhale eni ake sakupindula nazo: nthambi ya kampani ya Meta, dzina latsopano la Facebook, yoona za magalasiwa idaluza madola oposa 13 biliyoni mu 2022 ndi oposa 16 biliyoni mu 2023. Izi zikutikhudza chifukwa kampani ikatopa imatseka. Google idayambitsa mu 2015 pologalamu ya Expeditions, yoti ana asukulu aziyendera malo akutali pogwiritsa ntchito foni yoikidwa m'kabokosi ka katoni kokhala ndi magalasi. Mu 2021 idaitseka, ndipo aphunzitsi amene adakonza maphunziro awo modalira pologalamuyo adayenera kuyambanso kufunafuna zina.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri monga wophunzitsa aphunzitsi n'chakuti magalasi amavalidwa ndi munthu mmodzi. M'kalasi ya ana 60, mmodzi ali ku mwezi, 59 akumuyang'ana akupukusa mutu. Mphunzitsi saona nkhope ya mwanayo, mwanayo saona anzake. Tisaiwalenso kuti chipangizochi chili ndi makamera oona chipinda chonse, ndipo chimatsata mmene mutu ndi manja akuyendera. Kholo lili ndi ufulu wofunsa kuti zimenezi zikusungidwa kuti, ndipo akuziona ndani. Sony imanena kuti magalasi ake si a ana osakwana zaka 12.

Magemu a anthu ochepa

Mawu akuti indie akutanthauza gemu yokonzedwa ndi munthu mmodzi kapena kagulu kochepa, popanda kampani yaikulu yowalamula. Minecraft, imene ana ambiri amaidziwa, idayamba chomwecho mu 2009 m'manja mwa Markus Persson wa ku Sweden, Microsoft isanaigule mu 2014 pa madola 2.5 biliyoni. Mphamvu ya magemuwa ndi yakuti wokonza alibe bwana womuuza kuti nkhani yakutiyakuti siigulika.

Tibwerere kwa Lucas Pope. Mu Papers, Please inu ndinu wogwira ntchito pa chipata cha m'malire a dziko longopeka la Arstotzka, m'chaka cha 1982. Aliyense amene adaimapo pamzere ku Zóbuè kapena ku Calómuè atagwira pasipoti akudziwa mbali imodzi ya windo. Gemuyi imakuikani mbali inayo. Anthu amabwera mmodzimmodzi, inu mumayerekeza dzina, tsiku, chithunzi ndi chidindo, n'kudinda kuti alowe kapena abwerere. Malipiro anu amatengera chiwerengero cha anthu amene mwawathandiza molondola. Mukalakwitsa kangapo amakudulani ndalama. Madzulo mumawerengera: lendi, chakudya, moto wotenthetsa nyumba, mankhwala a mwana. Pakhomo pali mkazi wanu, mwana, apongozi ndi amalume, ndipo ndalama zikapanda kukwana wina amadwala, mwinanso kumwalira.

Tsiku lina pamafika bambo amene mapepala ake ali bwinobwino. Akamadutsa amakupemphani kuti mukomere mtima mkazi wake amene ali pambuyo. Mayiyo akafika, pepala limodzi palibe. Mukamulowetsa mwaphwanya lamulo, ndipo chilango chingakugwereni. Mukamubweza mwalekanitsa banja. Masiku akamapita malamulo amachuluka, ena amakunong'onezani za ziphuphu, ndipo mumadzazindikira kuti mwasiya kuyang'ana nkhope za anthu, mukungoyang'ana zidindo. Zithunzi za gemuyi n'zosaoneka bwino, ngati za pa foni zakale za mabatani. Koma dzanja limene ladinda ndi lanu. Pa nkhani ya chifundo, ine ndimaona kuti gemu imeneyi imafika pamene magalasi odula aja safika, chifukwa imakusenzetsani mlandu.

Palinso china chimene mphunzitsi wa kuwerenga sangalephere kuchiona. Papers, Please yonse ndi ntchito yowerenga mosamala, kufananiza mapepala awiri n'kupeza pamene akusemphana. Ndipo siifuna chipangizo cha mwana aliyense. Laputopu imodzi ikwanira kuti kalasi yonse ya ophunzira okulirapo itsutsane: timulowetse mayiyu kapena ayi? Amene wati ayi afotokoze chifukwa. Imapezeka m'Chipwitikizi cha ku Brazil. Si ya ana aang'ono, muli ziwawa ndi zina zosayenera msinkhu wawo.

Ku Poland kagulu ka 11 bit studios kadatulutsa This War of Mine mu 2014, potengera zimene anthu wamba adakumana nazo mzinda wa Sarajevo utazingidwa kuyambira 1992 mpaka 1996. Magemu ambiri a nkhondo amakupatsani mfuti. Iyi imakupatsani anthu anjala obisala m'nyumba yogumuka. Usiku mmodzi wa iwo amatuluka kukasaka chakudya, ndipo nyumba ina imene angalowe ndi ya nkhalamba ziwiri zopanda mphamvu. Mukaziba zakudya ndi mankhwala, anthu anu amakhuta koma amagwidwa ndi chisoni, ena mpaka kulephera kugwira ntchito. Mu 2020 boma la Poland lidalengeza kuti liika gemuyi pa mndandanda wa zowerenga zimene ophunzira akuluakulu a ku sekondale angasankhe. Kwathu kuno, kumene nkhondo idatha ndi pangano la ku Roma pa 4 Okutobala 1992, achinyamata ambiri adabadwa mfuti zitaleka kulira, ndipo akuluakulu ena safuna kukamba. Gemu ya ku Ulaya singafotokoze nkhondo yathu. Ingathe kutsegula pakamwa.

Chitsanzo chimene chimandikhudza koposa ndi cha ku Alaska. Mu 2014 bungwe la eni nthaka la Cook Inlet Tribal Council, mogwirizana ndi kampani ya E-Line Media, lidatulutsa Never Alone, yomwe m'chilankhulo cha Iñupiaq imatchedwa Kisima Ingitchuna. Ndi nthano yakale ya mtundu wa Iñupiat, yokonzedwanso kuti ikhale ya mtsikana Nuna ndi nkhandwe yake, amene akufunafuna gwero la mkuntho wa chisanu wosatha. Wofotokoza amalankhula Iñupiaq kuyambira poyamba mpaka pomaliza, ndipo akuluakulu a mtunduwo adakhala nawo pa ntchito yonse yokonza. Ife tikudziwa kuti nthano siyenda ngati omvera sakuyankha kuti tili tonse. Gemu ndi nthano imene siingapite patsogolo womvera akapanda kuyankha ndi zala zake. Kaseweredwe ka Never Alone kali ndi zofooka, nthawi zina nkhandweyo simvera bwino, koma chilankhulo cha anthu ochepa chidamveka m'nyumba za m'mayiko ambiri.

Zofooka za magemu a indie nazo n'zazikulu, ndipo choyamba chimagwera owakonza. Pa msika wa pa intaneti wa Steam munthu amalipira madola 100 kuti aikepo gemu yake, ndipo pa malonda ake eni msika amatengapo 30 pa 100 iliyonse. Mu 2023 mokha padatuluka magemu oposa 14,000. Ambiri amamira osaonedwa, ndipo ambirinso ndi osamalizidwa bwino kapena ongokopera anzawo. Timamva za Eric Barone, amene adakhala zaka zoposa zinayi akukonza yekha Stardew Valley uku akugwira ganyu yolondolera anthu pa mipando m'nyumba ya zisudzo, mpaka gemuyo idatchuka mu 2016. Za anzake amene adataya zaka zofanana n'kutuluka chimanjamanja sitimva.

Kwa ife pali zopinga zina. Magemu abwinowa amagulidwa ndi khadi la kubanki, pamene ambiri ndalama timasunga pa M-Pesa kapena e-Mola. Ambiri ali m'Chingerezi. Zotsatira zake n'zakuti chimene chimafika pa foni ya mwana si Never Alone, koma magemu aulere a makampani akuluakulu monga Free Fire, amene amapeza ndalama pogulitsa tinthu ta m'kati mwa gemu. Ndipo Aviator, imene ena amaitcha gemu, ndi juga basi.

Kukhala indie sikutanthauza kuti gemu siingamange munthu. Dong Nguyen wa ku Vietnam adachotsa yekha Flappy Bird pa msika mu Febuluwale 2014, ili pachimake pa kutchuka, ponena kuti anthu adafika poilephera kuisiya. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO lidaika vuto losewera magemu mopitirira muyeso pa mndandanda wake wa matenda umene udayamba kugwira ntchito mu 2022. Bungweli limanena kuti vutoli limagwira ochepa mwa osewera. Chizindikiro si maola okha ayi, koma pamene sukulu, tulo, chakudya ndi abale zayamba kutayidwa chifukwa cha gemu, ndipo munthuyo akupitirizabe ngakhale akuona kuti zinthu zikuwonongeka.

Mu Africa muno okonza magemu alipo. Kiro'o Games ya ku Cameroon idatulutsa Aurion mu 2016, ndipo Nyamakop ya ku Johannesburg idatulutsa Semblance mu 2018. Lual Mayen, wa ku South Sudan, adakulira mu msasa wa othawa kwawo ku Uganda. Mayi ake adasunga ndalama zaka zitatu kuti amugulire laputopu ya madola pafupifupi 300. Adadziphunzitsa yekha kulemba mapologalamu, ndipo gemu imene adakonza adaitcha Salaam, kutanthauza mtendere.