Kukumbira Kuwala Ngalande

Atomu ikapatsidwa mphamvu imatulutsa kachidutswa kamodzi ka kuwala, komwe ife a fizikisi timakatcha fotoni. Vuto ndi loti kachidutswako kamangolowera kulikonse ngati madzi otayikira pabwalo, ndipo kukagwira n'kwamwayi. Mfundo yanga ndi yakuti ntchito yathu yaikulu si kusintha atomuyo, koma kukumbira kuwala kwake ngalande: kanjira ka galasi kapena ka semiconductor, kopyapyala kwambiri kuposa tsitsi, momwe kuwala kumangopita kutsogolo kapena kubwerera basi.

Mu 1946 Edward Purcell adaonetsa kuti changu chimene atomu imatulutsira kuwala chimadalira zomwe zaizungulira. Mu 2014 gulu la Peter Lodahl ku Niels Bohr Institute mumzinda wa Copenhagen lidaika m'ngalande yotere quantum dot, kanthu kopangidwa ndi anthu komwe kamachita ngati atomu, ndipo mafotoni oposa 98 pa 100 alionse adatsata njirayo. Chimene chimandigwira mtima kwambiri chimachitika mukatumiza fotoni yamtundu woyenera m'ngalandemo. Poti kuwala kumayenda ngati funde, funde lomwe atomu yatulutsira kutsogolo limafafanizana ndi funde lobweralo, ndiye chotsala n'chobwerera m'mbuyo chokha. Atomu imodzi yokha yasanduka kalilole! Komanso atomu imalandira fotoni imodzi pa nthawi, choncho ziwiri zikafikira limodzi sizibwezedwa monga imabwezedwera imodzi. Mafotoni, omwe mwachibadwa amangodutsana osakhudzana, apa amayamba kumvana kudzera mwa atomuyo, ndipo makompyuta a quantum ogwiritsa ntchito kuwala akufuna zomwezi.

Ena amati zonsezi n'zamulabotale chabe, poti quantum dot imafuna kuzizira kofika madigiri 269 pansi pa ziro. N'zoona, chifukwa kutentha kumaigwedeza mpaka mafotoni ake amasiya kufanana. Koma chofunika kuzizira ndi gwero lokha; fotoni ikatuluka imayenda bwinobwino m'faiba wamba, ulusi wagalasi wonyamula kuwala. Ena amafunsa chifukwa chovutikira fotoni iliyonse. Kuyambira 1982 tikudziwa kuti uthenga wa quantum sungakopedwe, pomwe faiba yabwino imataya theka la kuwala pa makilomita 15 alionse. Pa intaneti timangoonjezera mphamvu panjira, koma apa sizitheka, ndiye yotayika pagwero yapitiratu. Chitsutso chomwe ndimachilemekeza n'china: ma quantum dot ambiri abwino amatulutsa kuwala kwa funde lotalika pafupifupi mananomita 930, pomwe faiba imakonda 1550, ndipo kulumikiza ziwirizi popanda kutaya mafotoni ndi ntchito yomwe tikulimbana nayobe.